Mlandu wa P0402: Musamange Valavu Musanafunse Mboni

Eni magalaja, amakaniko anzanga, ndi inu anyamata ndi atsikana amene mukadaphunzira kugwira sipanala, m'mawa uno tikamba za utsi. Ndikudziwa kuti ena mwasiya galimoto ya kasitomala ili pa jeke, choncho sindizungulira.

Ndiyamba ndi manyazi anga. Zaka zingapo zapitazo, ku galaja kumene ndinkagwira ntchito kunabwera bambo wina ndi pikiapu ya dizilo. Nyali yachikasu ya injini inali itayaka pa dashibodi, ndipo pa chitunda galimotoyo inkakwera ngati ng'ombe yokoka ngolo ya njerwa. Ndinalumikiza makina, makina n'kulemba P0402, kutanthauza kuti utsi wobwerera mu injini wachuluka. Sindinachedwe. Ndinawauza bambowo kuti valavu ya EGR, imene imabweza utsi mu injini, yatha, aitanitse ina. Anadikira milungu itatu kuti katundu afike kuchokera ku Joni. Ndinamanga, ndinafufuta nambala ija, iwo n'kulipira, tonse tikumwetulira. Patapita masiku awiri anatulukiranso pa geti, nyali ili ngwee. Wolakwa anali paipi ya labala ya pakati pa sensa ya mpweya ndi turbo, imene inang'ambika chakunsi kumene diso silifika. Valavu yakale ija ndikadali nayo mpaka lero, ndipo ilibe chilema. Ndinaiika pa shelefu kuti izindiyang'ana.

Chimene sindinkachimvetsa tsiku limenelo ndi ichi: kompyuta ya galimoto siona utsi. Ilibe diso mu paipi. Ili ngati mfumu pa bwalo, imene sinalipo pomwe mbuzi inkadya chimanga, koma ikuweruza potengera zimene mboni zanena. Ikalemba P0402 sikuti yagwira valavu ili chitsegukire. Ikungonena kuti, malinga ndi zimene yamva, utsi walowa wambiri kuposa umene inalamula. Mboni ikhoza kunena zoona. Ikhozanso kukhala yokalamba, yogontha, kapena yonamizidwa ndi wina.

Koma poyamba tifunse: munthu wa nzeru zake angatengerenji utsi, nyansi zimene injini yalavula kale, n'kuubwezanso m'kamwa mwa injiniyo? Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nitrogen, ndipo 21 ndi oxygen. Nitrogen ndi waulesi, salowerera za eni. Koma moto wa m'silinda ukapitirira madigiri pafupifupi 1,370, ulesi uja umatha, amagwirana ndi oxygen n'kubala mipweya imene timailemba kuti NOx. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa ku Caltech, Arie Haagen-Smit, anasonyeza kuti chifunga chimene chinkaliritsa anthu misozi mu mzinda wa Los Angeles chinkapangika dzuwa likawomba NOx pamodzi ndi nthunzi za mafuta osapsa. Mu 1970 dziko la America linakhwimitsa lamulo lake la mpweya, ndipo pofika 1973 magalimoto ambiri a kumeneko ankatuluka ndi valavu ya EGR.

Nzeru yake mumaidziwa kale, mumaiona pa mbaula. Makala akalusa, ndiwo zili pafupi kupserera, mayi amawaza phulusa pang'ono pamwamba. Phulusa linapsa kale, silingapsenso, ndiye limangotenga malo ndi kutentha, moto n'kufatsa. Utsi ndi phulusa la injini. Wochepa umaziziritsa moto wa m'silinda kuti NOx asabadwe. Wochuluka umachita zimene phulusa lochuluka limachita pa mbaula.

Apa pali kusiyana kumene kumasokoneza anthu ambiri. Injini ya petulo imalandira utsi wochepa, kawirikawiri magawo 5 mpaka 15 pa 100, ndipo imaulandira pokhapokha itatentha, galimoto ikuyenda mwamyaa pa msewu. Poliza m'mawa, pa idling, ndi pomwe mwaponda moto mpaka pansi, valavu iyenera kukhala yotseka. Ya dizilo ndi ina. Imameza mpweya wambiri kuposa umene ikufuna, choncho imatha kulandira utsi wofika theka la zonse zimene ikupuma, ndipo pa mainjini ambiri valavu imatseguka ngakhale pa idling. Mukaona makina akusonyeza EGR yotseguka pa dizilo yoima, musathamangire kuiimba mlandu. Ili pa ntchito. Mukaona zomwezo pa petulo, pali nkhani.

N'chifukwa chake madandaulo a eni galimoto amasiyananso. Wa petulo adzati galimoto ikunjenjemera ikaima, ikuzima pa maloboti ndi pa mahampu, m'mawa ikuvuta kulira, koma pa msewu waukulu ikuyenda bwinobwino. Nthawi zina P0402 imabwera ndi mnzake P0300, ya misi yosasankha silinda, ndipo apa m'pomwe mapulagi ndi makoyilo osalakwa amatayidwa. Wa dizilo adzati mphamvu zatha, turbo ikuchedwa kudzuka, kumbuyo kukutuluka chiutsi chakuda ponyamuka, kapena galimoto yangodzimanga yokha osalola kupitirira liwiro lina. Mverani bwino madandaulowa, chifukwa mwini galimoto ndi mboninso. Ngati akuti injini ikulira bwino, siizima, mphamvu zilipo, koma nyali yokha ndiyo yayaka, yambani mwakayikira masensa, chifukwa valavu yotsegukadi sibisika.

Musanagwire chilichonse, musafufute nambala, ndipo musachotse batire. Chizolowezi chochotsa waya wa batire kuti nyali izime chili ngati kung'amba tsamba la m'buku la polisi. Kuyambira 1996 ku America, 2001 pa magalimoto a petulo ku Ulaya ndi 2004 pa a dizilo, magalimoto amakhala ndi pulagi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, ndipo kompyuta ikalemba nambala imasunganso chithunzi cha nthawi imeneyo, chimene makina amachitcha freeze frame: injini inkazungulira kangati, madzi anatentha bwanji, galimoto inkathamanga motani, mpweya unkalowa wochuluka bwanji. Nambala yolembedwa pa idling ndi yolembedwa pa makilomita 80 pa ola ndi milandu iwiri yosiyana. Jambulani zimenezo ndi foni. Werenganinso manambala ena onse. Ngati pali P0101 ya sensa ya mpweya, P0299 ya turbo yofooka, kapena P0405 ndi P0406 za waya wa sensa ya pa valavu, yambani ndi amenewo. Ndipo dziwani kuti magalimoto ena akale obwera kuchokera ku Japan, amene anapangidwira misewu ya kwawo, amakana kulankhula ndi timakina totchipa ta pa foni. Akakana, vuto si la galimoto. Komanso opanga ena ankapatsa nambala yomweyi tanthauzo lawolawo: pa ma Nissan ena a m'ma 1990, P0402 imaloza kachipangizo ka BPT kamene kamawongolera vakyumu, osati valavu yeniyeniyo. Safunsa anadya phula. Tsegulani buku la galimoto imene ili patsogolo panu.

Tsopano funso loyamba pa boneti ndi lakuti: galimoto imeneyi, mboni yake ndani? Opanga anasankha mosiyana. Ena amamvera MAP, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold. Valavu ikatseguka, nambala yake imakwera. Ma Toyota ndi ma Nissan ena akale anaika kasensa ka kutentha mu njira ya utsi. Njira ikatentha nthawi yosayenera, kompyuta imati utsi ukudutsa. Ma Ford a petulo a m'ma 1990 ndi 2000, pamodzi ndi Mazda Tribute ya V6, ali ndi sensa yotchedwa DPFE, ya timapaipi tiwiri tolumikizidwa mbali ziwiri za kabowo kopanikiza utsi. Imeneyi ndi mboni yotchuka ndi bodza, chifukwa utsi uli ndi chinyezi ndipo chinyezicho chimaidya m'kati. Kuiyesa n'kosavuta. Kiyi ali on, injini isanalire, yakale yachitsulo imapereka pafupifupi theka la volt, yatsopano yapulasitiki pafupifupi volt imodzi. Lizani injini, pa idling nambala isasunthe kwenikweni. Ikakhala pamwamba injini isanalire n'komwe, utsi uchokera kuti? Sensa yafa. Onaninso ngati wina sanasinthanitse timapaipi tija, kapena kamodzi sikanatsekeke.

Koma ndikufuna tikhalitse pa mboni ya dizilo, MAF, sensa ya mpweya ija, chifukwa ndi imene inandigwetsa ine. Sensa imeneyi imakhala kuseri kwa fyuluta, ndipo imayeza mpweya wabwino umene ukulowa. Siyeza utsi ngakhale pang'ono. Kompyuta imangowerengera: silinda ili ndi mimba ya muyeso wakuti, mpweya wabwino walowa wakuti, ndiye malo otsalawo adzaza ndi utsi. Pa injini ya Volkswagen ya 1.9 TDI, imene amakaniko ambiri anaphunzirirapo zimenezi, pa idling EGR itatseka mumawerenga mamiligalamu cha m'ma 450 mpaka 480 pa kumeza kumodzi, ndipo ikatseguka amatsika kufika cha m'ma 250 mpaka 280. Ndiye taganizani: kompyuta yalamula valavu kuti itseke, koma mpweya wabwino ukuonekabe wochepa. Iyo imadziwa yankho limodzi lokha, lakuti utsi ukulowa mozemba. Sidziwa kuti fyuluta yadzaza fumbi la m'misewu yathu ya dothi. Sidziwa kuti kawaya ka m'kati mwa MAF kamatidwa ndi oyilo ndipo kakuwerenga moperewera. Sidziwa kuti paipi yang'ambika pakati pa MAF ndi turbo, ndipo mpweya ukulowera pa zenera osalembetsa pa geti. Zonsezi zimatuluka ndi dzina limodzi, P0402.

Zindikirani malo a kung'ambikako. Turbo isanafike, paipi imakoka, ndiye mpweya umalowa mwakuba ndipo MAF imawerenga mochepa. Kupitirira turbo, cha ku intercooler, paipi imakankha, ndiye mpweya woyezedwa kale umathawa, MAF imawerenga mochuluka, galimoto imafuka koma nambala imakhala ina.

Mudzafunsa kuti, popanda buku, tidziwa bwanji nambala yoyenera? Masamu a pulayimale akukwanira. Tengani injini ya malita 2.5, ngati 2KD ya mu Hilux ndi HiAce, ngati ili ndi MAF poti si onse ali nayo. Imameza malita 2.5 pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Pa idling ya 750 pa mphindi, ndiye kuti yameza ka 375. Chulukitsani ndi 2.5, mupeza malita pafupifupi 940 pa mphindi. Gawani ndi 60, ndi malita 15 ndi theka pa sekondi. Kuno kumtunda lita imodzi ya mpweya wofunda imalemera pafupifupi galamu imodzi. Chotsaniko pang'ono poti silinda sidzaza mpaka pakamwa, mutsala ndi magalamu 13 kapena 14 pa sekondi, EGR itatseka. Mukalamula valavu kutseka ndi makina, nambala n'kufika pamenepo, mukailamula kutseguka n'kutsika, mukaitsekanso n'kubwerera msanga, ndiye kuti valavu ndi MAF onse ali moyo. Ikakakamira pa 8, pali wina akunama, ndipo tiyenera kudziwa kuti ndani.

Apa m'pamene kachitsulo kotsekera kamagwira ntchito yake yoyenera. Dulani kachidutswa ka chitsulo molingana ndi gasiketi, popanda bowo lapakati, mukamange pakati pa valavu ndi manifold kwa mphindi zochepa. Tsopano mukudziwa ndi mtima wonse kuti utsi sukudutsa. Injini ikasalala, MAF n'kukwera kufika pa masamu athu, valavu imadontha. Nambala ikakhala pomwe inali, valavu yawina mlandu. Imasuleni, kafufuzeni ku fyuluta, ku mapaipi ndi ku MAF. Ndikanachita zimenezi tsiku lija, bambo aja sakanadikira milungu itatu.

Ndinenepo za kukwera kwa malo, chifukwa mabuku amene timawerenga analembedwera m'mbali mwa nyanja yamchere. Kiyi ali on injini isanalire, MAP iyenera kuwerenga mphamvu ya mpweya wapanja. Ku doko la Dar es Salaam kapena Beira ndi pafupifupi 101 kPa. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene tili mamita opitirira pang'ono 1,000, ndi cha pa 89 kapena 90. Pa Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, ndi cha pa 84, pomwe ku Nsanje ibwerera kufupi ndi 100. Makaniko wa ku Dedza akaona 84 asataye sensa. Koma akaona 101 aikayikire. Chimodzimodzi geji ya vakyumu pa petulo. Buku limati injini yabwino imakoka mainchi 17 mpaka 21 pa idling, koma pa mamita 300 alionse okwera muchotsepo inchi imodzi. Ku Lilongwe 15 si matenda. Valavu yotseguka imagwetsa singano pansi kwambiri kuposa pamenepo, ndipo singanoyo simakhazikika.

Pali kena kokoma pa petulo. Injini yodalira MAP yokha, utsi ukalowa pa idling, MAP imakwera, kompyuta n'kuganiza kuti mwaponda moto, n'kuwonjezera petulo. Mapulagi amada, mafuta amatha msanga, ndipo pa makina mudzaona fuel trim ikutsika m'munsi mwa ziro. Munthu wosadziwa amathamangira ma injector.

Tsopano tinene kuti mboni zanena zoona, utsi ukulowadi. Mlandu sunathe, chifukwa valavu ikhoza kukhala yotseguka poti yakanirira, kapena poti wina akuitsegula. Pa valavu ya vakyumu, ya chipewa ngati bowa, injini ya petulo ili pa idling, zulani kapaipi ka pamwamba. Injini ikasalala nthawi yomweyo, ndipo pa kapaipi mukumva kukoka pa chala, valavu ikungomvera. Wolakwa ndi solenoidi imene ikudontha, waya wake wakhudza bodi, kapena wina anasokoneza mapaipi pokonza zina. Masolenoidi ena ali ndi kafyuluta kakang'ono kopumira, ndipo kakatsekeka ndi fumbi vakyumu imatsekeredwa m'kati, valavu n'kuchedwa kutseka mukachotsa phazi pa moto. Galimoto yotere imazima pofika pa mphambano, kenako n'kulira bwinobwino ngati palibe chachitika. Mukazula kapaipi koma kunjenjemera osasintha, valavu yakanirira yokha. Ikani pampu ya pamanja, kokani: injini yabwino iyenera kutsamwa, ndipo mukasiya iyenera kuchira pompo. Kuchira mochedwa ndi mpini wa valavu wolimba ndi mwaye kapena sipuling'i yotopa. Paipi yochoka pa valavu kupita ku manifold ikakhala yotentha kwambiri pa idling ya petulo, ndi umboni winanso, koma yezani ndi kachipangizo koyezera patali, osati ndi chala.

Pa valavu yamagetsi, ikani manambala awiri pambali pa mnzake: chimene kompyuta yalamula ndi chimene sensa ya pa valavu ikuyankha. Lamulo likakhala 0 yankho n'kukhala 12, chitseko sichikufika pa mphuthu. Koma sensa imeneyi imangonena za chitseko, sinena za amene wadutsa. Kachidutswa ka mwaye kochepa ngati njere ya mpunga kakhoza kukhala pa mpando wa valavu, sensa n'kumati ndatseka, utsi ukudutsa. Yezani ma volt 5 opita ku sensa, yezani ethi, gwedezani pulagi mukuyang'ana makina. Mavalavu ena a Toyota, Nissan ndi Mitsubishi, a mapini 6, alibe sensa n'komwe. Ali ndi mota yoyenda masitepe, ndipo kompyuta imangowerenga masitepe amene yatuma n'kukhulupirira kuti afika. Makoyilo ake anayi amakhala cha pa ma ohm 20 iliyonse. Imodzi ikaduka, valavu imasochera ndipo kompyuta sidziwa.

Palinso mlandu wachitatu, umene ngakhale akuluakulu a ntchito umawaphonya: valavu yatseguka muyeso woyenera, koma utsi ukukankhidwa ndi mphamvu yopyola. Bowo ndi lomwelo, koma madzi a mu mpopi wa mphamvu amatuluka ambiri. Catalytic converter yosungunuka, fyuluta ya mwaye ya DPF yodzaza, ekizozi yophwanyika pa mwala, kapena timapiko ta turbo tokanirira motseka, zonsezi zimakweza mphamvu ya utsi kumbuyo kwa valavu. Ku mbali ya kutsogolo nakonso, madizilo ambiri ali ndi kachitseko kochepetsa mpweya kuti utsi ukokedwe bwino. Kakamatidwa ndi phala la mwaye n'kukhala kotseka theka, injini imayamwa utsi ngati mwana wanjala. Ndipo mukakumana ndi injini ya petulo ya VVT ikunjenjemera ndendende ngati ya EGR yotseguka, koma valavu ya EGR osaipeza, musadabwe. Ena mwa mainjini amenewa amabweza utsi m'kati momwemo posintha nthawi ya camshaft. Oyilo wakuda akakaniriza giya ya VVT, utsi umatsalira m'silinda pa idling, ndipo nambala yake imakhala ngati P0011.

Kutsuka valavu sikufuna mawu ambiri. Musalole mankhwala otsukira alowe ku mota kapena ku sensa. Musakande mpando ndi sikuludiraiva. Mukatha, itembenuzeni, thirani mankhwala pang'ono pa chitseko muone ngati akudontha. Ikani gasiketi yatsopano, ndipo mwaye wa mu manifold usagwere ku masilinda. Magalimoto ambiri amafuna kuti muphunzitsenso kompyuta pomwe chitseko chimatsekera. Mukaiwala, valavu yatsopano imabweretsa nambala yomweyo. Muli pomwepo yang'anani kachipangizo koziziritsa utsi ndi madzi, makamaka ngati mwini akuti madzi akutha osaona podontha. Mu 2018 ma BMW a dizilo makumi angapo anapsa m'misewu ya ku South Korea, ndipo kampaniyo inaitanitsa magalimoto pafupifupi 1.6 miliyoni padziko lonse, chifukwa madzi odontha m'kachipangizo kameneka ankasakanikirana ndi mwaye n'kuyaka mu manifold.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timatsuka n'kubweza galimoto osafunsa kumene mwayewo ukuchokera. Mwaye wokha ndi wouma. Umasanduka phala ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochoka ku breather. Injini yotha mapisitoni imapuma oyilo wambiri. Ma injector otha amathira dizilo ngati mpopi m'malo mopopera ngati nkhungu. Minibasi imalira pa depoti ola lathunthu kudikira kuti idzaze, moto uli wozizira, EGR ili yotseguka. Dizilo wa m'zigubu, amene sitidziwa chimene anasakanizamo, amawonjezera. Ndipo pali tchimo lathu amakaniko, lochotsa thermostat ponena kuti kuno n'kotentha. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, potsika Chiweta kapena Khwekhwerere imazizirirathu, ndipo moto wozizira ndiwo mayi wa mwaye. Mukapanda kukonza zimenezi, mwezi wachisanu ndi chimodzi valavu ija idzakupezani.

Ndikuona ena mukumwetulira, ndipo ndikudziwa funso lanu: bwanji osangosiya kachitsulo kaja mpaka kalekale? Sindikunamizani. Dizilo yotsekedwa EGR manifold yake imakhala yoyera, ndipo eni ena amaikonda. Si inu oyamba kuyesedwa. Pa 18 September 2015, bungwe la EPA ku America linaulula kuti Volkswagen inaika chinyengo m'makompyuta a madizilo ake, chimene chinkazindikira kuti galimoto ili poyesedwa n'kudziyeretsa, koma pa msewu NOx n'kumakwera mpaka ka 40 kuposa malire. Magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni. Mpweya umenewo suoneka ngati chiutsi chakuda, koma umapweteka m'chifuwa, makamaka mwa ana ndi anthu a mphumu, ndipo amene amaupuma tsiku lonse ndi kondakitala, mayi wogulitsa nthochi pa depoti, ndi inu amene mumagona kunsi kwa galimoto ikulira. Pa petulo, kutseka EGR kumakweza kutentha ndipo injini ikhoza kuyamba kugogoda pa chitunda. Pa galimoto yamakono nyali imayakabe, tsopano ndi P0401, ndiye mumakakamizika kusintha pulogalamu ya kompyuta, ntchito imene ambiri oigwira sakuuzani china chimene agwiramo. Abale athu ali ku Britain akudziwanso kuti kumeneko galimoto yooneka kuti inachotsedwa zipangizo za utsi imalephera mayeso a MOT. Kwa ine, chachikulu n'chakuti kutseka kumabisa matenda. Ngati gwero linali DPF yodzaza kapena turbo yokanirira, kachitsulo kaja sikachiza kanthu, ndipo kasitomala adzabwera ndi bilu yaikulu.

Mukamaliza kukonza, musapereke kiyi chifukwa choti nyali yazima. Nambala imeneyi pa magalimoto ambiri imafuna maulendo awiri: ulendo woyamba kompyuta imangoisunga m'thumba ngati pending, wachiwiri ndi pomwe imayatsa nyali. N'chifukwa chake bambo aja anachoka akumwetulira. Tenthetsani injini, yendani mofanana ndi chithunzi chimene munajambula pa foni, liwiro lomwelo, kutentha komweko, muchotse phazi pa moto kangapo muli mu giya, muime, muzimitse, mulizenso. Kenako onani pa makina ngati mayeso a EGR alembedwa kuti atha, ndiponso ngati m'thumba muja mulibe kanthu.

Panja paja pali magalimoto awiri, ina ya petulo ina ya dizilo, ndipo onse akulemba P0402. Ndinawalodza ndekha dzulo madzulo, iliyonse ndi ufiti wake, ndipo pa awiriwo valavu yolakwa ndi imodzi yokha. Mabokosi a masipanala asiyeni muno. Tengani makina, mita, geji ya vakyumu, pampu ya pamanja, pepala ndi cholembera. Gulu la kumanja liyambe ndi ya dizilo, ndipo munthu asamasule bawuti iliyonse asanandionetse masamu ake.